Bolodi la Mama Sayi

Patauni pathu, pamsewu waukulu wochoka ku Shinyanga kupita ku Mwanza, masitudiyo ojambulira zithunzi alipo angapo, koma imene ndikufuna ndikuuzeni ndi ya Mama Sayi. Eee, inu, situdiyo imeneyo! Ndi kachipinda chabe, kopanikizika pakati pa wokazinga tchipisi ndi wokonza mafoni, moti ukalowamo fungo lake ndi la mafuta okazingira basi. Koma panja pake, pakhoma, panali bolodi lagalasi.

Masitudiyo enawo nawonso ali ndi mabolodi, sindikukana. Kungoti kumeneko ukajambulitsa umatuluka uli munthu wina. Amakufufuta ziphuphu, amakuyeretsa khungu, amakuwongola mphuno, kumbuyo kwako n'kukuikira nyumba zosanja za ku Dubai. Mnzanga wina anakajambulitsa kumeneko, mayi ake atachiona chithunzicho anafunsa kuti, "Nanga uyu ndi mwana wa ndani wavala diresi yakoyu?" Tinaseka mpaka kugwirana.

Kwa Mama Sayi zimenezo kulibe. Pa bolodi lawo ankaikapo anthu amene masitudiyo enawo akanatha nawo tsiku lonse akufufuta. Panali Kaka Maduhu, woyendetsa bodaboda, njinga zamoto zonyamula anthu zija, wa mlomo wong'ambika chibadwire, akuseka mano onse ali panja. Panali mayi wogulitsa nsomba zouma, wa mawanga oyera kumaso ndi m'manja ngati wina anamuwaza mkaka, atagwira chibwano chonchi ngati mkazi wa bwana. Panali mnyamata wa kumigodi wotsala ndi zala zitatu, zala zomwezo atazitambasula pachifuwa. Panalinso atsikana awiri a ku Singida, a mano ofiira ndi madzi a kwawo aja, amene pagulu amaseka atatseka pakamwa, koma pamenepo akuseka mpaka lilime kuoneka. Anyamata a bodaboda ankalitcha bolodi la kuchipatala. Koma iwo omwewo ndiye ankaimapo nthawi yaitali, mahelimeti ali m'khwapa, makasitomala akuwaitana osamva.

Mama Sayi eni ake alinso nacho chawo. Ndi chipsera cha moto, chochokera pansi pa diso lamanja, kutsika tsaya lonse, khosi, mpaka kukalowa m'bulauzi. Chimanyezimira ngati pulasitiki yosungunuka. Inawaphulikira sitovu ya palafini ali mtsikana, akugwira ntchito ya m'nyumba ku Mwanza. Dzina lawo ndi Mbuke, koma palibe amawatchula choncho. Sayi ndi mwana wawo, ali ku Dodoma uko amaphunzira zamagetsi.

Atachira, kunyumba kuja sanawafunenso, akuti ana ankalira akawaona. Ndiye anapeza ntchito mu situdiyo ina yaikulu, poyamba yosesa, kenako anawaika kuchipinda cha kumbuyo, pa kompyuta, kumene makasitomala sangawaone. Ntchito yake? Kufufuta nkhope za anthu! Zaka ndi zaka, kufufuta basi. Amati anali katswiri woti akakugwira, amuna ako omwe akanakufunsiranso kachiwiri. Tsiku lina anajambulitsa nawo, kuti atumize kwa mayi awo kumudzi. Mnzawo wa pantchito, pofuna kuwakomera mtima, anawafufuta chipsera chonse asanasindikize. Atachilandira anaona mkazi wokongola zedi, wosalala ngati sopo watsopano.

"Ndinamuda mkazi ameneyo," ankatero akamatiuza. "Sanapsepo, sanagonepo m'chipatala, sanavutikepo ndi kalikonse, koma wavala bulauzi yanga."

Sipanapite nthawi anasiya ntchito, anagula kamera yogwiritsidwa kale ntchito, n'kubwerera kwawo, patauni pathu paja.

Koma anali ndi khalidwe limodzi lochititsa manyazi ukamayenda nawo. Akaona munthu wa chipsera, wa diso loyera, wa chilichonse chimene anthu ena amachiona n'kuyang'ana kumbali, iwo ankaima n'kuyang'anitsitsa pomwepo, osaphethira. Kenako umangomva, "Kaka, achimwene, taimani kaye. Ichi munachitenga kuti? Tembenukani pang'ono, kuwala kugwere apa. Ayi, nkhope iyi sindingaiiwale. Bwerani ndikujambuleni." Ena ankawatukwana. Ena ankabwera patapita masiku, atavala malaya a kutchalitchi, akunamizira kuti akufuna kachithunzi ka pachiphaso.

Ine anandigwirira pamsika. Dzina langa ndi Minza, ndinabadwa ndi chialubino, ndiye kuyang'anidwa si nkhani kwa ine, ndinakula nako. Tsikulo Mama ankagula mafuta ophikira, ine nditaima kumbuyo kwawo m'chipewa changa chachikulu chija, ngati bowa. Ndinangomva, "Iwe wachipewa, tavula kaye ndione."

Mama anatembenuka ngati nkhuku ya anapiye. "Mukufuna chiyani kwa mwana wanga?"

"Timadontho ito, dada, mchemwali wanga. Tayang'anani nokha. Ngati dzira la zinziri."

Abale inu! Timadontho takuda ta dzuwa timene ndili nato pamphuno ndi m'masaya, aliyense amangotiona ngati matenda. A nesi amatiyeza, Mama amatipaka mafuta, ana a kusukulu amati ntchentche zinandinyerera. Koma dzira la zinziri! Ndinaseka mpaka chipewa chinagwa chokha.

Zoti andijambule Mama anakana. Anakana tsiku limenelo, anakananso ulendo wina. Ine ndinawanyengerera ndi chilichonse. Ndinatsuka mbale osatumidwa, ndinakama ng'ombe, ndinalirako pang'ono. Mapeto ake anati, "Chabwino, koma abwere kuno kunyumba." Zinagwirizana ndithu, chifukwa Mama Sayi nawo anati kuwala kong'anima kwa mu situdiyo kukanandipweteka maso.

Anabwera m'mamawa dzuwa lisanakwiye, atakhala chammbali pa bodaboda, kamera ataikulunga m'nsalu ya kanga ngati khanda. Ife tinkakhala kunja pang'ono kwa tauni, ine ndi Mama basi. Baba anamwalira ndili wamng'ono, anatisiyira nyumba ndi ng'ombe. Mpanda woyandikana nawo unali wa Baba Mdogo Makoye, mng'ono wawo wa bambo anga.

"Shikamoo," ndinatero ndikugwada.

"Marahaba. Ufa wapaka kumasowo ukachotse."

"Ndi paudala wa Mama ameneyu!"

"Ndiye ukawabwezere. Ine ndabwera kudzajambula iwe, osati wantchito wa kuchigayo."

Anandiimika pakhomo, chitseko chathu chobiriwira chili kumbuyo, mthunzi wa mtengo wa mango utandiphimba. Ndinayamba zoima ngati a pa TV, dzanja m'chiuno, mlomo chonchi. Anangondidikira mpaka ndinatopa nazo. Maso angatu amavina, sakhala malo amodzi, ndiye ndinazolowera kutsinzina pang'ono ndikamayang'ana munthu kuti asaone.

"Tsegula," anatero. "Asiye avine. Nyimbo yake ukuimva ndiwe, ife tingoonerera."

Ndinaseka, iwo n'kudina.

Chithunzicho! Kaya ndikuuzeni bwanji. Ndinachibweretsa pafupi ndi mphuno, mmene ndimaonera zinthu zonse, n'kumachiyendetsa pang'onopang'ono. Tsitsi langa linali ngati ndevu za chimanga chanthete. Nsidze zoyera zinkaoneka iliyonse payokha. Timadontho tonse tinalipo, ngakhale milomo yanga yong'aluka ndi dzuwa inalipo. Ndipo ndinali wokongola, ndikukuuzani! Mama anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kukhitchini n'kukayamba phokoso ndi mapoto oti anali otsuka kale.

Chachikulu chinapita pa bolodi, pakati penipeni. Mama Sayi anayamba apempha, Mama n'kuvomera monyinyirika kuti chikhalepo kanthawi kochepa. Ine pochokera kusukulu ndinkazungulira dala kuti ndidutsepo. Anyamata a bodaboda ankakuwa, "Uyo, mwini wake wa bolodi akudutsa, patukani!" Watchipisi anandithirira mazira awiri m'malo mwa limodzi. Ngakhale Baba Mdogo, amene chibadwire changa anali asanadyepo m'mbale yotsuka ine, anayamba kubwera kwathu pafupipafupi, masiwiti ali m'thumba. "Mwana wathu watchuka," ankatero. Ine kukondwa!

Tsiku lina anabwera ndi mnzake, akuti wogula ng'ombe. Anakhala pansi pa mango, Mama anawapatsa chambiko ndi michembe, mbatata zouma zija. Inetu chapatali sindiona nkhope za anthu, ndimangoona mitundu ya zovala, ndiye kwa ine mlendoyo anali jekete lofiira ndi mawu otulukira mbali imodzi ya kamwa, ngati akutafuna kanthu. "Wakulatu, eti?" anatero. "Ali fomu chani?" Ndinayankha ndekha monyadira ndili pakhomo. Kukhola sanapiteko n'komwe.

Nthawi imeneyo n'kuti mphekesera zitayambanso. Kutsidya kwa njanji, akuti manda a kamwana kena kachialubino anapezeka atafukulidwa. Zimenezo kwathu zimabwera ngati dzombe, zimatha, anthu n'kuiwala, kenako sing'anga wina n'kuwanamizanso a kumigodi kuti mafupa athu amaitana miyala yamtengo wapatali. Mama anasiya kundituma dzuwa likapendeka, ndipo chikwanje chinasamuka kukhitchini n'kukakhala pansi pa bedi. Koma ine nkhani zimenezo ndinkazimva ngati za ng'ona. Zilipo, inde, koma zimagwira ena.

Ndiye Loweruka lina masana, dzuwa lili paliwombo, tinangoona Mama Sayi akulowa pampanda wapansi, opanda kamera, thukuta lili kamukamu. Moni anayankha mwachidule. Mama anati ndikatunge madzi, koma iwo anati, "Msiyeni amve, dada. Nkhope yake ndi imene ikukambidwa." Tinalowa m'nyumba, anakhala pampando, n'kuyamba.

Akuti dzana lake kunabwera bambo wina. Anaima pa bolodi nthawi yaitali, kenako analowa.

"Mama, kamzungu kanu ako mugulitsa?"

"Si mzungu, ndi mwana wa munthu. Ndipo za pa bolodi sizigulitsidwa."

"Palibe chosagulitsidwa, Mama. Tchulani."

"Mukachita nacho chiyani?"

"Pali wina akufuna aone."

"Ndiye abwere adzaone pompano. Bolodi silithawa."

Bamboyo anaseka n'kutembenuka kuti azipita. Potembenukapo kuwala kwa pakhomo kunamugwera patsaya.

"Ndiye matenda anga aja anandigwira," anatero Mama Sayi, akuyang'ana pansi. "Dada, chipsera chake! Chochokera kukhutu mpaka pakona ya mlomo, chosokedwa mwachangu, timabala ta ulusi tili mbali zonse ngati miyendo ya bongololo. Khutu nalo lodukako pamwamba. Ndipo chimamukoka mlomo, moti mbali imodzi amangokhala akuseka. Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati, 'Kaka, taimani kaye. Nkhope iyi sindingaiiwale. Ngakhale pakati pa msika wa ng'ombe ndingakulozeni. Bwerani ndikujambuleni.'"

"Mayo ine," anatero Mama chapansipansi.

"Anaima. Mbali yosekayo inapitiriza kuseka, inayo inasiya. Anati, 'Mwati simungaiiwale?' Ndinati ayi. Anati, 'Zimenezo si zabwino, Mama.' Basi, n'kutuluka. Lero m'mawa ndapeza loko wa bolodi wathyoledwa. Zithunzi zonse zilipo. Chasowa chimodzi."

Mukudziwa chimene ndinayamba kumva? Mkwiyo! Chithunzi changa, chachikulu, chabwino chija! Ndinatsala pang'ono kufunsa ngati angasindikize china. Koma nditayang'ana Mama ndinatseka pakamwa.

"Ndalakwa ndine," Mama Sayi anapitiriza. "Chitseko chanu chikuoneka pamenepo, mango awa akuoneka, ngakhale kaphiri ka kuseriku. Munthu akafunsafunsa afika."

"Anakufunsani kumene mwanayu amakhala?"

"Ayi."

"Dzina lake?"

"Ayi."

"Sukulu?"

"Sanafunse kalikonse."

"Ndiye kuti akudziwa kale." Mama ananena zimenezi mofatsa, ngati akuuza munthu kuti kunja kukubwera mvula. "Khutu lodukalo ndi liti?"

"Lamanzere."

"Jekete lofiira?"

Mama Sayi anangogwedeza mutu kuvomera.

Mama anayang'ana pazenera. Kuseri kwa mpanda Baba Mdogo ankakonza njinga yawo akuimba likhweru, kanyimbo ka kutchalitchi. Tonse atatu tinakamvetsera.

"Anamwa chambiko changa," anatero Mama. "Ndinamuwonjezeranso."

"Nanga ngati akundidziwa, chithunzi akuchifuniranji?" ndinafunsa.

 Koma ine si mwana, ndinakulira pakati pa ng'ombe. Baba Mdogo akafuna kugulitsa ng'ombe kwa anthu a kutali, sayamba kuikusa. Wogula amayamba waona kaye chithunzi, akakhutira ndiye galimoto imabwera. Foni apolisi amatha kuifufuza, pepala umangoliponya pamoto. 

"Tiitane a sungusungu," anatero Mama Sayi. Amenewo ndi amuna a m'mudzi amene amathamangitsa akuba ng'ombe, wezulo akangolira onse amatuluka ndi mauta.

"Wezulo wa mbali ino amasunga ndi Makoye."

"Apolisi?"

"Tikawauza titafika kutali. Lero akatilemba m'buku, madzulo tibwereranso kudzagona pompano, mpanda umodzi ndi iye." Mama anaimirira. "Tikupita ku Tabora, kwa mchimwene wanga. Lero lomwe, kusanade."

Vuto linali njira. Yochoka kwathu ndi imodzi yokha, ndipo imadutsa pageti pa Baba Mdogo penipeni. Mkazi wamasiye ndi mwana wake atanyamula chikwama, angadutse osafunsidwa?  Kenako Mama Sayi anawomba m'manja kamodzi.

"Valani zabwino zanu zonse. Munthu wopita kukajambulitsa amanyamula chikwama cha zovala zosinthira. Tsiku lililonse amabwera nazo kwanga, ena mpaka sutikesi. Palibe amawafunsa."

Eee, ndisaname, mantha analipo, koma mbali ina ya ine inkati, zimenezi ndiye za m'filimu! Ndinavala diresi yanga yachikasu. Mama anavala chitenge cha paukwati wa msuweni wawo, n'kumanga duku lalitali. M'chikwama munalowa zovala, mafuta anga a dzuwa, magalasi owerengera, basi. Ng'ombe zinali kubusa ndi mwana wa aneba, sindinazitsanzike. Mama anateleka nyemba n'kusonkhezera chikuni chachikulu, kuti utsi uzituluka.

Baba Mdogo anali pageti, sipanala ili m'manja.

"Haa, shemeji, mlamu wanga! Kutchena konseku, kuli ukwati woti ife sitinaitanidwe?"

"Ukwati wa ndani, shemeji, inu mukukana kukwatira wachiwiri? Tikukajambulitsa. Mwana wanuyu sakundipumitsa, akuti nanenso ndikakhale pa bolodi."

"Inu pa bolodi? Akakubwezani. Mulibe chipsera."

"Ndikachipeza, musadandaule," anatero Mama Sayi. "Aliyense ali nacho penapake."

Baba Mdogo anawayang'ana, akupukuta sipanala pabuluku. "Ndamva kuti akuba anakuyenderani, Mama Sayi. Pepani."

Nkhaniyo inali ya m'mawa womwewo, ndipo Baba Mdogo anali asanachoke pakhomo tsiku lonse, tinkawamva ndi likhweru lawo lija.

"Nkhani zili ndi miyendo," anatero Mama Sayi.

"Minza, sundipatsa moni? Kutchuka kwakulowa m'mutu?"

Ndinapita, ndinagwada. "Shikamoo, Baba Mdogo."

"Marahaba, mwanangu." Anaika dzanja pamutu panga, pansi pa chipewa, zala zikufufuza m'tsitsi. Linali lofunda, lonunkha girisi, ndipo linakhalitsa. Ndinkangoyang'ana zala za kumapazi kwawo. "Mubwereko kusanade, mwamva? Kunja kwaipa masiku ano. Kapena ndikuperekezeni?"

"Mukatiperekeza nyemba zanga ayang'anira ndani?" anatero Mama akuseka. "Zili pamoto. Zikapserera mudya nokha."

Anaseka, dzanja lija n'kuchoka. Tinayenda. Mama anandigwira pamkono mondipweteka, akunong'ona kuti, "Usathamange. Usacheuke." Mama Sayi ndiye ankalongolola mokweza za mtundu wa nsalu imene ingagwirizane ndi duku la Mama, mpaka tinakhota pamlambe.

Titafika pa situdiyo ndinaliona bolodi. Onse aja anali pomwepo akuseka, pakati pali malo opanda kanthu ndi timisomali tinayi. Pamsewu anthu anali pikitipikiti, ndipo kwa ine onse anali mitundu ya zovala yokhayokha. Zofiira zinalipo zambiri.

Tinalowa, Mama Sayi anakoka katani. Anatuma watchipisi kuti akaitane Kaka Maduhu abwere ndi njinga yake kuseri, kumene amatayira makoko a mbatata, kuti akatisiye pasiteji ya kutsogolo, osati ya patauni.

"Tiyeni tonse," Mama anawauza. "Munamuuza nokha kuti mudzamuloza. Mukuganiza kuti waiwala?"

"Ndikachoka ine adzamuloze ndani? Inu munamuona, koma mukhala muli ku Tabora. Uyu anangoona jekete."

"Mbuke, si zoseka izi."

Aka kanali koyamba kumva munthu akuwatchula dzina lawo. Anangomwetulira, n'kundigwira chibwano, kunditembenuza nkhope uku ndi uku monga amachitira. "Mafuta uzipaka. Timadontho takwana, tisawonjezekenso. Pitani."

Tikutuluka pakhomo la kuseri, tikupanikizana ndi madengu a mbatata, iwo anayamba ntchito. Anayatsa magetsi, analoza kamera pampando wopanda munthu, n'kumadina. Kuwala kunkang'anima pakatani kuti a pamsewu aziona, iwo akukuwa, "Mama Minza, sekani! Mukuopa chiyani, mano si anu? Minza, tasendera kuno! Kasinthe diresi, uvale yabuluu ija!" Ndinkawamvabe titakwera kale njinga, ine pakati, Mama kumbuyo, chikwama chili pamutu. Kaka Maduhu amati atabwerera anapeza akadajambulabe mpando uja.

Panopa tili ku Tabora, kwa Mjomba, mchimwene wawo wa Mama. Nyumba yake ili ndi mpanda wanjerwa wa mabotolo osweka pamwamba, ndipo kusukulu amandiperekeza ndi kukanditenga ngati wa kumkaka. Tauni yake ndiye yokoma, inu, uchi wake, mango ake! Apolisi tinawauza. Baba Mdogo anawaitana, iwo analumbira kuti munthuyo anangokumana naye pamsika wa ng'ombe, ngakhale dzina sakulidziwa, ndipo analira misozi kuti shemeji wawo angawaganizire zotere. Anawamasula. Ng'ombe zathu zili m'khola mwawo, akuti akutisungira. Wajekete uja sanapezeke, chithunzi changanso sichinapezeke. Mama amati kwathu sitidzabwererako, ndipo akatero sayang'ana munthu.

Mama Sayi bolodi analichotsa panja n'kulikhoma m'kati, moti wofuna kuona amayenera kulowa n'kupereka moni. Kuimitsa anthu pamsewu ndiye sanasiye. Amatiimbira foni Lamulungu tikachoka kutchalitchi. Akuti masiku ena kutsidya kwa msewu kumaima njinga yamoto, woyendetsa atavala helimeti yotseka nkhope yonse, injini osazimitsa. Sanyamula munthu, satsitsa munthu. Amangoima n'kumayang'ana situdiyo. Iwo akamuona amatenga kamera n'kukaima pakhomo.

Lamulungu lathali tili pakati pocheza, ndikuwauza za mnyamata wa m'kalasi mwathu wa makutu ngati mbale, anangoti, "Tadikira kaye, wabweranso," foni n'kuduka. Tinaimba, osayankha. Tinaimbanso, osayankha. Mama ankangozungulira pabalaza, ine nditagwira foni ndi manja awiri. Mjomba anazimitsa wailesi.

Kenako inalira.

"Wathawa," anatero, akupuma mwawefuwefu. "Ndinawoloka msewu, ndiye anangoona ndayandikira n'kuliyatsa. Ndangojambula msana. Koma Minza, msana wake! Phewa limodzi lotsika, linalo lokwera chonchi, ukanaona mmene kuwala kunagwera."

Mama anandilanda foni n'kuyamba kuwakalipira, ndipo anakalipa mpaka mayunitsi a Mama Sayi anatha.